Dothi la ku Kasanda

Kasanda, Kabwe
14 Seputembala 1994

Okondedwa Azakhali,

Ndikhulupirira muli bwino ku Mchinjiko pamodzi ndi onse apakhomo. Ife kuno tadzuka.

Mwina munamva kuti mgodi anatseka. Bambo a mapasa tsopano amangokhala pakhonde, wailesi ili pakhutu. Akuti kubwera ogula mgodiwo, koma sitinawaone.

Mapasa akwanitsa zaka zitatu. Abigail ndi wolongolola, amayimba ndi nyimbo za kutchalitchi zomwe. Koma Chikomeni sanatchulebe ngakhale "amama". Ukamuitana amangoyang'ana kukhoma. Lachiwiri ndinapita naye kukiliniki. Sisita anamupatsa kabokosi kuti atsegule, iye anangokafumbata. Kenaka Sisitayo anandifunsa, "Muli ndi pakati munkamwa mowa?" Ndinakana. "Nanga dothi munkadya?"

Azakhali, mukudziwa mmene dothi limakomera munthu akakhala woyembekezera. Ine ndinkakatapa kumilu ya mgodi tsiku ndi tsiku, mpaka mwezi wanga utakwana. Sisita anati dothilo lili ndi mtovu, chitsulo chapoizoni cha mumgodi, ndipo umamufika mwana akadali m'mimba. Ndinafunsa kuti nanga bwanji mtsikana ali bwino. Anangoti, "Tidzamuone akayamba sukulu."

Kunyumba ndinanena kuti ana aamuna amachedwa kulankhula. Bambo ake anavomera, koma alongo awo ayamba kufunsa ngati kumtundu kwathu kuli osalankhula.

Chonde bwerani mvula isanagwe. Zovala zayambanso kundithina, ndipo m'kamwa mwayamba zija. Zinazo tidzakamba maso ndi maso. Poyankha musatchule zimenezi, makalata amayamba kuwerenga ndi bambo a mapasa.

Ndine mwana wanu,
Clara