Singano ya Abu Ayman ndi Khofi Wozizira

Lachiwiri, 5 Novembala

Ayman wakananso. Akuti maphunziro a zojambula a Loweruka ndi otayitsa nthawi, mwana wathu wamkazi Lujain azilimbikira sayansi basi. "Ndani anakhutapo chithunzi?" Mwamuna wangayu akakakamira chinthu, sasintha ngakhale umuimbire nyimbo. Fomu ikufunika asayine iyeyo, ndipo kalembera atseka pa 16.

Lujain sanalire. Bola akanalira. Ndapeza buku lake lojambulamo m'bini, pansi pa makoko a anyezi. Ndalipukuta, ndalibisa pansi pa mathawulo. Mwana wazaka 15 kutaya buku limene amagona nalo! Zandipweteka, ndipo ndakwiya kwabasi.

Lachinayi, 7 Novembala

Mumzinda wa Irbid monse muno Ayman amamvera munthu mmodzi: bambo ake, Abu Ayman. Mawa pokadya kumeneko nditenga filimu ya makatuni ya ku Japan ija, imene inamuyambitsa Lujain kujambula. Mulibe mfuti, mulibe zochititsa manyazi zoti akulu ayambe kutsokomola dala. Kamtsikana kotumizidwa kuchilumba kwa amalume ake okonza maambulera, basi. Mvula, mpunga, kukula pang'onopang'ono.

Vuto ndi rimoti. Imakhala m'thumba la mkanjo wa apongozi, ndipo imadziwa nkhani zokhazokha.

Lachisanu, 8 Novembala

Ndachita zimene sindinaonepo mkazi akuchita m'banja lino!

Titatha mpunga wa nkhuku, apongozi anayamba kuthira khofi wawo wowawa uja. Amathira okha, salola wina. Atandipatsa kakapu kanga, ndinakaika patebulo osamwa. Aliyense akudziwa: mlendo akaika khofi pansi ndiye kuti ali ndi pempho, ndipo samwa mpaka mwini nyumba avomere. Koma zimenezi amachita amuna a ndevu zoyera pokafunsira mbeta, osati ine Suhair, manja akununkha sopo wa mbale.

Ayman anandiponda phazi. Apongozi akazi anati, "Mwana iwe, wapenga?"

Abu Ayman anandiyang'ana pamwamba pa magalasi. "Mwana wanga, wabwera kudzafunsira ndani? Ine ndinakwatira kale."

"Ndikupempha rimoti, bambo. Ola limodzi ndi theka."

Anaseka mpaka kutsokomola. "Khofi sazizira m'nyumba mwanga. Imwa, chimene wabwerera wapeza."

Filimu itangoyamba anali kunyoza. Akuti maso aakulu ngati mbale, akuti mwana ameneyu angoyenda mumvula mpaka liti, alibe kwawo? Ayman naye ankathandizira kuseka, ngati si iye amene anandiuza kuti ali mwana ankathamanga kuchokera kusukulu kuti asaphonye makatuni omwewa olankhula Chiarabu. Lujain anakhala pakona, mutu uli pansi. Ndinati eee, ndamuika mwana wanga pamoto.

Kenako panafika poti amalume aja akusoka ambulera. Asanabaye nsalu, anapaka singano m'tsitsi mwawo kawiri.

"Imitsa!" anakuwa apongozi. "Bweza pamenepo!"

Tinabweza katatu. Anthu inu, zaka makumi anayi Abu Ayman ankasoka matiresi ndi mapilo a thonje, ndipo akuti singano amaipaka kumutu chomwecho kuti itenge mafuta, iziterera. "N'chifukwa chake dazi ili," anatero apongozi akazi. Sanawamve n'komwe. Akuti amene anajambula izi anakhala pansi pafupi ndi mmisiri weniweni, chifukwa ngakhale chala chaching'ono chakhala pamalo pake. "Ndani amawaphunzitsa kuona chonchi?"

Lujain anayankha chapansipansi kuti kasekondi kamodzi ka dzanjalo ndi zithunzi zambirimbiri zojambula pamanja. Agogo ake aamuna anamuitana akhale pafupi. Mpaka filimu kutha anali kunong'onezana. Pamene kamtsikana kankakwera bwato kubwerera kwawo, ambulera yosoka kokha ili m'manja, apongozi akazi anapukuta maso ndi mpango. Ayman anati ali ndi chimfine. Chimfine chake chimenecho!

Za fomu sindinatchule. Ndinaluma lilime, ndipo kwa ine imeneyo ndi ntchito.

Lamlungu, 10 Novembala

Ayman akadali wotupa. Akuti ndinamuchititsa manyazi kwa makolo ake. Ndati manyazi sanaphepo munthu, idyani.

Lachiwiri, 12 Novembala

Foni ya apongozi: "Lujain adzere kuno akaweruka, ndikufuna andikonzere TV." TV yake iti? Tsiku lachiwiri ili. Akubwera zala zili bii ndi pensulo, ndikafunsa akuti palibe. Sindikufunsanso, ndingawononge.

Lachinayi, 14 Novembala

Masiku awiri atsala. Fomu ili pamwamba pa firiji, yoyera mbee. Ndaopa kuti mwina ndangosangalatsa nkhalamba ndi makatuni basi.

Lachisanu, 15 Novembala

Ndilembe msanga ndisanaiwale kanthu.

Tikukonzeka zopita kukadya kwa apongozi, belu la pakhomo lalira. Abu Ayman! Munthu amene wakana masitepe athu zaka ziwiri chifukwa cha mawondo, wakwera nsanjika zonse zitatu kuchokera kumzikiti, atavala mkanjo wa maukwati. Akuti lero tidyera kuno. Ine mufiriji muli mazira ndi azitona basi, koma zimenezo n'zina.

Ayman, monga mwini nyumba, anathira khofi n'kuwapatsa bambo ake. Iwo anakalandira kakapu, anakanunkhiza, n'kukaika patebulo.

Ayman anatuwa. "Bambo, chonde. M'nyumba mwa mwana wanu?"

"Lero ndine mlendo, ndipo ndili ndi pempho."

Anatulutsa pepala m'thumba la rimoti lija. Manja awo, ojambulidwa ndi pensulo, atagwira singano. Chipsera cha pachala chachikulu chilipo, chikhadabo chopindika chija chilipo. Ine ndawapsompsona manja amenewo powalonjera zaka 17, chipsera sindinachionepo.

"Manja awa anakudyetsa mpaka unamera ndevu, sunawayang'anepo. Mwanayu wawayang'ana masiku atatu. Sayansi aphunzira, ndimuyang'anira ine. Loweruka ndi lake."

Ayman anayang'ana pepalalo nthawi yaitali. Anayang'ana manja a bambo ake. Chimfine chija chinabweranso.

"Imwani khofi wanu, bambo. Chimene mwabwerera mwapeza."

"Sayina kaye. Ndimakudziwa iwe."

Fomu ndinali nditaitsitsa kale pafiriji, cholembera chili m'manja, ndiyembekezerenji? Atasayina, apongozi anamwa, n'kukwinya nkhope. "Wozizira, komanso wamadzimadzi. Suhair, ikapo filimu ina, koma ikhale ya anthu ogwira ntchito." Ndinaimba nthungululu mpaka a nyumba yapansi anatsegula zenera kufunsa kuti akukwatiwa ndani.

Lujain wanditsatira kukhitchini ndikuswa mazira. Wandigwira kumsana, nkhope yonyowa.

"Amayi, buku langa lija ndinalitaya."

"Kayang'ane pansi pa mathawulo. Likununkha anyezi, usadandaule."

Wagwetsa mpando pothamanga.