Dzanja lotupa pa bedi lakumapeto

Lachinayi, Febuluwale 2006, Edmonton

Shifiti ya lero inali yopepuka, koma mtima wanga sunakhazikike.

Kuwodi kwathu agoneka bambo ena achikulire, achizungu, a gulu lopulumutsa nyama za m'nyanja. Sabata yatha anathandiza kunyamula kanamgumi kakufa m'matope a mtsinje wa Thames wodutsa mumzinda uno, ndipo dzino lake linawacheka pachala. Pano dzanja lonse latupa, lachita kuda, thupi likutentha koopsa. Adokotala akuti mabakiteriya amene apezeka m'magazi mwawo ndi omwewo amene anapha kanyamako. Sindinkadziwa kuti matenda angachoke pansi pa nyanja n'kudzagona pa bedi lathu.

Chandiopsa ndi kapumidwe kawo. Amasiya kupuma nthawi yaitali, ine n'kuyamba kuthamangira belu, kenako amatulutsa mpweya wonse kamodzi ngati namgumi, fuu! Mnzanga Mutinta, nesi wa ku Zambia, wandiseka. "Iwe Chisomo, ni fiva chabe iyo."

Masana ndikusintha dilipu, bambowo andigwira mkono, maso ali tong'o, n'kuyankhula bwinobwino ngati munthu wosadwala.

"Kanamgumi kaja sikanali kokha," atero. "Mayi wake akuzungulirabe pansi pa mlatho. Ndikumumva."

Povula golovesi ndapeza kuti yang'ambika pa chala chachikulu, pomwe ndinadzicheka ndi mpeni dzulo. Ndasamba m'manja, ndakauza asisitala oyang'anira wodi. Akuti matendawa sapatsirana motero, ndisade nkhawa. Ndawakhulupirira. Komabe chalacho chikugunda, ndipo mawa m'mawa woyamba kufika pa bedi limenelo ndine...