Mbale Ziwiri Pakhomo la Mayi Douja

Tunis, 14 Malichi

Mulungu ndi wamkulu! Olfa wathu, Olfa wathu! Lululululu! Idalitsike mimba imene inamunyamula!

Okondedwa achemwali anga a Chedlia,

Ndayamba ndi nthungululu moni ndisanapereke, mundikhululukire. Muli bwanji ku Kef uko, kuno kukuzizira chonchi, nanga mawondo aja? Ife tili bwino, amuna anga a Moncef okha ndiwo akutsokomola ndi fodya wawoyo.

Loweruka tinakaona sewero la mwana wanu Olfa. Achemwali, anthu kudzaza holo mpaka ena kukhala pansi! Iye kutsogoloko yekhayekha, wopanda womuthandiza, Chifalansa chikungotuluka ngati madzi a pampopi. Ine changa mukuchidziwa, n'chogulira tomato, ndiye ndinati a Moncef azindinong'oneza.

"Akuti chiyani?"

"Akuti wadzuka, wakolopa, wagula buledi."

"Nanga pano?"

"Wadzukanso, wakolopanso. Iwe Mongia, ndine wailesi yako ine?"

Ndinaseka mpaka anthu kunditembenukira. Kenaka Olfa anatenga mbale yabuluu, kuivundikira ndi kansalu, kuiika pakhomo, kugogoda katatu, n'kuchoka akupukuta manja m'chiuno. Ine ndendende! Ndinawagunda a Moncef ndi chigongono, ndili, mwanayu akuyeserera ine, onani!

Mukuwakumbukira mayi Douja, agogo a kwathu ku Kef aja ankakhala okha pamwamba penipeni pa nyumba yathu ino? Lachisanu lililonse ndinkawakwezera mbale ya kusikusi, chakudya chathu cha tirigu chija. Ankachedwa kutsegula chifukwa cha miyendo, ndiye ndinazolowera kungogogoda n'kutsika. Mawa lake mbale inkabwera ndi timibulu titatu ta shuga, poti mbale ya mnzako sibwerera yopanda kanthu.

Ndiye pasewero paja magetsi anazima n'kuyakanso. Olfa uyo ndi mbale yachiwiri. Yoyamba ija ili pomwepo, kansalu kosavundukula. Anaima. Anaiyang'ana. Anaika yachiwiriyo pambali pake, osagogoda, n'kubwerera kokolopa.

Achemwali inu! A Moncef anawerama kuti amasulire, ine ndili, "Khalani chete, apa ndamva ndekha."

Zimene ndikulembazi ndinali ndisanauzepo munthu zaka khumi ndi zinayi, ngakhale a Moncef. Sabata imeneyo ine ndi mayi Douja tinali titayankhulana zopweteka chifukwa cha chingwe choyanikira zovala padenga. Mbale itapanda kubwera Loweruka ndinati akwiya. Lachisanu linalo ndinakwera, ndinaipeza pakhomo, ntchentche zili pakansalu. Ndinati mumtima, ngati akunyada anyade. Ndinaika inayo n'kutsika, mpunga unali pamoto. Patapita masiku awiri fungo litamveka, ndinathamanga kukachotsa mbale zonse ziwiri apolisi asanafike, ndipo atandifunsa ndinati sindinaone chachilendo. Adokotala anati anagwa m'bafa, koma sanafe tsiku lomwelo, anakhalitsa. Mawu amenewo ndimadzuka nawo, ndimakolopa nawo.

Sewero litatha anthu anaimirira, m'manja osaleka. Ine ndinangokhala pampando. Kenaka ndinalowa kuchipinda chovalira.

"Iwe mwana, wandivula pamaso pa Tunis yense!"

"Amayi aang'ono, palibe akudziwa kuti ndinu."

"Anakuuza ndani za mbale yachiwiri?"

Anandiyang'ana ngati ndapenga. "Mwaiwala? Ndinali pambuyo panu pamasitepe, nditanyamula chambiko. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri, manja ndinali nawo. Inenso sindinagogode. Seweroli si la inu, ndi langa."

Achemwali, ndinali nditaiwaliratu! Chaka chimene munandipatsa mwana kuti aphunzire kuno, ine ndinamusenzetsa chinthu chimenechi, iye n'kukula nacho chete, kumadya patebulo panga, kumandipsompsona pamutu. Tinagwirana n'kulira, zodzola zake zonse kuthera pa diresi langa latsopano. A Moncef anali pakhomo, akuti, "Akazi inu, anthu akondwa, inu mukulira maliro a ndani?" Ndinawauza zonse m'basi pobwerera. Mpaka lero sanaseke.

Mukafuna kundikalipira kalipani, mwana ndi wanu. Koma munyade naye, chifukwa ine ndikunyada mpaka ndikuchita mantha. Loweruka likubwerali ndikupitanso, ndikakhala kutsogolo.

Pempho langa ndi ili. Mayi Douja anaikidwa kwanuko, kuseri kwa manda a bambo athu. Tumani munthu apake laimu pamandapo, ndipo Lachisanu muphike kusikusi wambiri wa sadaka m'dzina lawo. Moni kwa alamu, kwa mwana wanu Ridha ndi akazi ake, ndi kwa amayi amasiye aja oyandikana nanu. Amenewo mbale muwapatse m'manja, musachoke asanatsegule.

Za laimu ndi nyama musadandaule, ndalama ndikutumizirani mwezi ukatha.

Ndine mng'ono wanu,
Mongia