Nsapato Zili Pansi pa Bedi

14 Ogasiti

Okondedwa Achemwali,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi alamu. Musadabwe kuona zolemba zachilendo. Lero sakundilembera mdzukulu wathu. Ndapempha atelala apakhonde pano, ndipo alonjeza kuti pakamwa pawo asokapo.

Mwana wanu uja, bambo ake a mtsikanayu, wapezeka. Mukudziwa kuti chichokereni m'mawa uja kupita kukanyamula katundu kudepoti, ndinayenda mpaka mapazi kung'aluka. Kupolisi ndinafika, kundende ndinafika, kuchipatala ndinasuzumira bedi ndi bedi. Kanyumba kozizira ka kuseri kokha sindinalowemo. Mlonda anati, "Amayi, tayang'ananinso umu." Ine ndinati, "Bambo inu musandilaule, wamoyo samufunafuna kwa akufa." Suja amayi athu ankatero?

Sabata yatha ndinalimba mtima. Anali momwemo, Achemwali. Galimoto inamugunda tsiku lomwelo. Koma maliro opanda mwini sawasunga mpaka kalekale. Anamuika kale, dzenje limodzi ndi anthu osawadziwa, popanda nyimbo. Andipatsa nsapato zake, zija anazimanga ndi waya. Ndazibisa m'thumba pansi pa bedi.

Mwanayu sakudziwa, ndipo mayeso ayandikira. Dzulo ankaloweza Chingerezi mokweza, ine n'kundisandutsa mwana wasukulu. Akuti kuli liwu lina, lilime langa lalikana, limene lili ndi adani atatu. "Agogo, tcherani khutu! Ukataya kiyi, mdani wake ndi kupeza. Ukagonja pampira, ndi kupambana. Ukaononga mwayi, ndi kusunga."

Ndinati, "Ndamva aphunzitsi, musandikwapule."

Anaseka mpaka misozi. Kenako anati, "Adadi ali ngati kiyi, agogo. Tiwapeza basi."

Ndinatuluka panja, ndinanamizira utsi wa mbaula.

Achemwali, bwerani. Ndekha sindingathe. Akamaliza mayeso tidzamuuze tili awiri, wina atulutse nsapato, wina agwire mwana. Kuchipindako amasesa ndi iyeyo, ndiye ndayamba kumulanda tsache, n'kumati msana wanga ukufuna ntchito. Wayamba kundiyang'ana modabwa. Kaya ndimulanda mpaka liti.

Mupereke moni kwa alamu ndi ana onse. Atelala akuti moni. Moni wa mwana wanu, uja tinkaika pomalizira, lero palibe.

Poyankha mungonena tsiku lobwera, zinazi musatchule, poti adzandiwerengera ndi mwanayu.

Ndine mng'ono wanu.