Katemera Amene Sanafike kwa Tiwonge

Amayi, kodi kumeneko mwayamba kugona bwino? Ndikufunsa chifukwa miyezi yanu yomaliza munkaluma pilo kuti tisamve kubuula kwanu.

Kuno ku Mchengautuwa tilipo. Dimba lanu lija adaligawa mapuloti, pamene munkathyola mpiru pano pali nyumba za lendi. Mzime wanu Vitumbiko akumaliza ku yunivesite, ndipo wasunga ndevu zosamukhala.

Koma nkhani yaikulu ndi ya mng'ono wanga Tiwonge. Chimene chinakudyani chamupeza, khansa ya khomo la chiberekero. Magazi omwe aja, fungo lomwe lija. Ndikamachapa zitenje zake ndimatukwana, Amayi, ndipo sindipepesa.

Vitumbiko anatiuza zimene anawerenga. Akuti khansa imeneyi imayamba ndi kachilombo, ndiye kunja madokotala akuyesa katemera wobaya munthu wodwala kale, woonetsa asilikali a m'thupi nkhope ya mdaniyo. Koma khansa imawamanga manja asilikaliwo, choncho akuphatikiza ndi mankhwala ena owamasula kuti akaikhadzule. Ananena momveka kuti zikadali zoyesa ndipo kuno sizinafike.

Tsiku limene anamwino anabwera kusukulu kudzabaya atsikana katemera woteteza ku kachilombo komweko, Tiwonge anaperekeza mwana wake Wezi, nayenso n'kuima pamzere. Mayi wamkulu pakati pa ana a yunifolomu, atapinda kale mkono wa bulauzi. Namwino anamutengera pambali n'kumuuza kuti katemerayu amatseka chitseko mbala isanalowe, sangaitulutse ikalowa. Mwana wanu anangoti yewo chomene, monga munkanenera inu akakubwezani kuchipatala opanda mankhwala.

Alamu, amuna a Tiwonge, anamva nkhaniyi kumsika. Anathamangira kusukulu, anamuzula Wezi pamzere asanabayidwe, ati anamwinowo akufuna kumutseka mimba. Kunyumba anamugwetsa Tiwonge ndi khofi, ati kachilombo anakatola kwa amuna ena. Munthu amene ku Salisbury Lines ngakhale agalu a m'nyumba za zibwenzi zake amamudziwa! Aneba atandiitana ndinapeza alamuwo akumuponda Tiwonge pamimba, pomwe pali bala, magazi akuyenderera pasimenti, Wezi atabisala kuseri kwa chitseko.

Munkati, "Mwana wamkazi asamenye munthu, kweni akamenya asaphonye." Sindinaphonye. Ndinatola mpini wa khasu. Koyamba pamsana, kachiwiri pakamwa, ndipo dzino lawo ndinalipeza pokolopa. Ndikanapitiriza, koma Tiwonge anandigwira mwendo. Azimayi a mvano akuti ndilape. Ndawauza kuti chimene chikundiwawa n'chakuti mpini unathyoka.

Onse awiri ali kwanga tsopano. Wezi ndinapita naye kuchipatala ndekha, ndinamugwira mkono pomubaya, sanalire. Tiwonge akuchepa, phala akumwa la pasupuni. Amandifunsa ngati mankhwala a Vitumbiko aja afika, ndipo ndimati akubwera. Mwina adzafikadi, adzachiritsa ana a anthu ena. Ine ndikuopa kuti inu ndi amene muyambe kumuona Tiwonge.

Akafika musamufunse za chipsera cha pamlomo, mungomuyalira pafupi nanu. Wezi ndiye musamuyembekezere. Ameneyo ndimulera ine, ndipo ndikulonjeza kuti adzabwera kwa inu ndi imvi, osati kudzera njira munadzera inuyi.

Ndimakukondani, Amayi.

Ndine mwana wanu woyamba,
Lusungu