Mbuzi ya Sadaka Yanu

Amayi, kumeneko mukudzuka bwanji?

Kuno tilipo, kungoti mtima wanga suli m'malo. Mlongo wanga Asiyatu anachira mwezi wathawu, mwana wamkazi, chipumi chake ngati chanu. Chimanga cha m'mbali mwa Rivirivi chinapsa ndi dzuwa, tikudalira chinangwa. Thonje lokha ndi limene linayesako.

Amalume a ku Chikweo anakonza zoti sadaka yanu yokumbukira chaka chimwalirireni inu ichitike tikagulitsa thonjelo. Mpunga unalipo, ndiwo inali mbuzi yanu yamawanga ija. Sadakayo sinachitike, Amayi, ndipo wolakwa ndine.

Tsiku la msika, nditagulitsa thonje, ndinakhala pa juga ya makadi, kuseri kwa shedi ya thonje komwe anyamata a chipani safikako. Panali Che Amidu, amene anabwera kuchokera ku Joni ndi chipewa ndi matama. Iwo sasewera, amaopseza. Ukaika kangachepe, iwo amawonjezera kawiri, mpaka anzawo amataya makadi ndi mantha. Ndinali nditawaonerera misika itatu, ndipo ndinazindikira kuti akagwira makadi abwino amakhala chete, akagwira zinyalala amalongolola. Paja munkati ng'oma yolira kwambiri sichedwa kung'ambika.

Tsiku limenelo analongolola kwambiri. Onse anataya, tinatsala awiri. Ine ndinali ndi mafumu awiri okha, makadi osapatsa tulo. Njira zinali ziwiri: kuika zofanana ndi zawo kuti tigubudule makadi, wopambana aoneke, kapena kuwonjezera kuti iwo athawe. Kufananiza ndikanatha ndi zimene zinali m'thumba. Koma anayamba kunditcha mwana wamasiye wosatha kulimba mtima, anthu n'kumaseka. Ndinati ndikuwonjezera mbuzi yamawanga.

Che Amidu anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anaponya makadi awo pansi. Analibe kanthu. Ndinapambana, Amayi, ndipo ndinabwerera kunyumba ndikuyenda ngati mwini msewu.

Nkhani inafika kumudzi ine ndisanafike. Amalume atabwera ndi njinga yawo sanandikalipire, bola akanatero. Anangondifunsa ngati n'zoona kuti ndinaika mbuzi ya malemu pa mphasa ya juga. Ndinati koma sinapite, ili m'khola. Anati inapita pamene ndinaitchula pakamwa, chifukwa inali kale yoperekedwa. Ashehe nawonso anakana kuizinga. Ndinati ndigule ina, anandifunsa kuti ndi ndalama ziti. Ndalama za thonje ndi za juga zinali zitasakanikirana m'thumba limodzi.

Abale amene anabwera anagona masiku awiri n'kubwerera osapemphera. Asiyatu sandilankhula. Akandiona amatembenuza mwana kuti ayang'ane kukhoma, ndipo zimenezi zimandipweteka kuposa mawu. Munkandiuza kuti fodya wako ndi amene ali pamphuno. Ndikanangofananiza, kaya ndikanaluza, bwenzi pano dua yokupemphererani itawerengedwa.

Ndili ndi manyazi, Amayi. Anzanu onse amene anatsogola chaka chimenecho anawachitira sadaka, mwatsala inu nokha. Ndapeza ganyu yosenza miyala pa njanji ya ku Nayuchi. Ndikagwira miyezi itatu ndigula mbuzi ina ndi thukuta langa, ndipo ndidzaipereka m'manja mwa amalume ndisanadutse pamsika. Makadi sindidzawagwiranso. Mundidikire pang'ono, monga munkandidikirira pakhomo ndikachedwa.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Saidi