Miyendo itatu ya Zigamba

Achimwene,

Ndikhulupirira mukudzuka bwino pamodzi ndi alamu ndi ana. Chifuwa cha kamtsikana kaja chinatha? Kuno makina akulira, mayunifolomu a sukulu andichulukira moti madzulo msana ndimaumva. Thupi lili bwino ndithu, koma mtima ayi, ndipo chifukwa chake ndi inu.

Ndasankha kulemba chifukwa pa foni mumandidula mawu, mumati muli pa msonkhano. Pepala lilibe msonkhano. Muwerenge mpaka pansi, ndinene zakukhosi.

Mukukumbukira mmene ndinamupezera galu uyu. Anali kunsi kwa khonde la shopu yanga, atanyowa ndi mvula, mwendo wakumbuyo utaphwanyidwa ndi galimoto, waya atamudya m'khosi. Ubweya unali wothothoka uku ndi uku, n'chifukwa chake ndinamutcha Zigamba. Telala angatchenso dzina lanji?

Dokotala wa ziweto atamuona anati mwendo sungapole, uyenera kudulidwa. Anapezanso kuti amagwa khunyu, ndiye azimwa mapiritsi moyo wake wonse. Kenako anandiuza lamulo lake: iye sachita opaleshoni galu wopanda kwawo. Anati kumudula mwendo galu woti abwererenso mumsewu n'kumuzunza kawiri, kuli bwino kumubaya jakisoni agone osadzukanso. Anandifunsa ngati ndingamusunge. Inu mukudziwa pomwe ndimakhala: kachipinda kuseri kwa shopu, bwalo palibe, eni nyumba safuna ngakhale mphaka.

Tsiku limenelo ndinakuimbirani ndikulira. Munati ndalama zakuthinani chifukwa cha fizi ya ana, koma malo muli nawo, mpanda wa njerwa ndi kapinga woti galu n'kumagubuduzika. Munati ndimuuze dokotala kuti galuyo ndi wanu. Za mwendo ndinakuuzani, za khunyu ndinakuuzani. Munayankha kuti chamoyo ndi chamoyo. Mawu amenewo sindinapeke ine, anatuluka m'kamwa mwanu.

Ndi mawu anuwo ndinayenda nawo mumsewu wathu wonse kupempha ndalama za opaleshoni. Ometa tsitsi anaika chitini pafupi ndi galasi, aliyense wodzuka pampando ankamuuza kuti tsitsi lapepuka, thumba lipepukenso. Mayi ogulitsa mayunitsi ankaponyamo chenji chawo. Anyamata a ku galaja, omwe sindinawaonepo akupereka kanthu kwa munthu, anasonkha ya chakudya chamasana. Ine ndinasoka zikwama za zigamba zogulitsa mpaka zala kuchita matuza. Ena ankandiseka, amati anthu akuvutika ine ndikupemphera galu. Ndinkangoti zikomo, chifukwa mumtima ndinali ndi achimwene anga.

Opaleshoni inatheka. Masiku oyamba ndinkamunyamula ndi lamba yemwe ndinamusokera kuchokera ku jinzi yakale, kuti aphunzire kuima. Ankagwa, n'kundiyang'ana ngati akupepesa. Lero bwerani mudzamuone. Amathamanga chopendekeka ngati njinga yopindika gudumu, koma nkhuku za aneba zimamudziwa. Piritsi amalimeza ndikalibisa m'buledi, ndipo chiyambire kumwa wagwa kamodzi kokha. Eni nyumba ndinawagwadira, anandilola kuti akhale mpaka bala litapola, osapitirira kutha kwa mwezi uno.

Ndiye Loweruka lija munatumiza dalaivala wanu.

Achimwene, msewu wonse unabwera kudzatsanzika. Ometa anatseka shopu, makasitomala ali pabenchi. Owotcherera zitsulo anabweretsa mbale yomwe anaiikira miyendo kuti Zigamba asamawerame kwambiri pakudya. Ine ndinali nditamusambitsa, mapiritsi ndi bulangete lake zili m'chikwama.

Dalaivala anatsika, anamuyang'ana galu, anazungulira kumbuyo kwake ngati akugula mbuzi, n'kukuimbirani. Mwina simukudziwa kuti foni yake imalankhula mokweza. Tonse tinakumvani. Munafunsa ngati akuonekadi moipa chonchi. Munati mumaganiza kuti ndikukokomeza, poti ine ndi wokokomeza chibadwire. Munati galu wa miyendo itatu angalondere chiyani, ameneyo ndi pakamwa chabe. Munati anzanu akabwera kudzacheza azikusekani. Pomaliza munamuuza kuti angotenga makatani a alamu omwe ndinasoka, azibwerera.

Makatani anapita pampando wakutsogolo. Zigamba anali atayamba kale kukwera kumbuyo, miyendo yakutsogolo ili m'galimoto, umodzi wotsalawo ukupalasa pansi. Ndinachita kumutsitsa ndekha.

Ometa anangovula chipewa n'kubwerera kukatsegula shopu. Mayi a mayunitsi ndi omwe anandinong'oneza kuti ndisadandaule, abale ndi choncho. Ndinachita manyazi kwambiri. Koma sanali manyazi a galu, anali a inu. Anthu aja ndinkawauza monyada kuti ndili ndi mlongo wanga wamtima, ndipo mwandigwiritsa fuwa lamoto pamaso pawo.

Chinandiwawa koposa ndi mawu aja akuti pakamwa chabe. Munawatenga kuti? Ine ndikudziwa komwe ndinawamva koyamba. Anawanena amalume, pakhomo pathu, ababa atangotuluka m'chipatala shuga atawadulitsa mwendo. Anauza amayi kuti tsopano atsala ndi pakamwa podyetsa. Inu munali mnyamata wa sekondale, munawathamangitsa amalume mpaka pamsewu, nsapato ili m'manja. Tsiku limenelo ndinkakuonani ngati munthu wamkulu kuposa onse.

Ababa aja anakhala pansi pa khonde la sitolo ndi mwendo wawo umodzi, akusoka nsapato za anthu, mpaka inu munamaliza sukulu. Ndodo yawo yoyendera munailimbirana nafe pamaliro, munati ndi yanu poti ndinu oyamba kubadwa. Ili pakhoma pabalaza panu, munaipaka vanishi. Ndinakumvani ndi makutu anga mukuuza alendo kuti ndodo imeneyo ndiyo inakuphunzitsani. Anzanu omwewo, amene mukuti akusekani chifukwa cha galu, amagwedeza mitu n'kumati munali ndi bambo.

Sindikuti galu ndi ababa, musandipotozere mawu. Ndikuti munthu amene anakulira m'nyumba mwathu sayenera kuwerenga miyendo asanatsegule geti.

Ndayesa kwina, musaganize kuti ndangokhala. Ometa amakhala pa lendi ngati ine. Owotcherera ali ndi agalu awiri olusa, angamumalize tsiku limodzi. Ena akamva za mapiritsi amati aganize kaye, ndipo mukudziwa tanthauzo lake. Dzulo ndinapita kwa dokotala kukatenga mankhwala. Anandifunsa ngati Zigamba wazolowera kwa achimwene. Nditamufotokozera anati mwezi ukatha malo asanapezeke ndipite naye, sadzamva kuwawa. Ndiye kuti msewu wonse unasonkha, ine ndinasoka mpaka matuza, kuti galu achire bwinobwino kenako akabayidwe?

Sindikupempha ndalama. Mapiritsi ndizigula ndekha n'kumatumiza, chitini cha ometa sichinachoke pagalasi. Ndikupempha ngodya imodzi ya mpanda wanu, ndi munthu woti azimupatsa buledi wake m'mawa. Ana anu adzamukonda, ndikuwadziwa. Kuuwa amauwa, ndipo wakuba safunsa kuti amene akuuwa mkatimo ali ndi miyendo ingati.

Dalaivala wanu abwerenso mwezi usanathe. Akabwera kudzatenga Zigamba, nkhani yatha, sindidzaitchulanso, ndipo ndidzauza msewu wonse kuti foni ija inanama. Koma ngati mwatsimikiza kuti m'nyumba mwanu simulowa cholumala, abwerebe, ndipo mumupatsire ndodo ya ababa. Muitsitse pakhoma paja. Kuno kachipinda n'kakang'ono, koma malo ake ndiwapeza.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti makatani akatalika ndidzawapinda. Ana muwapsompsone, muwauze kuti azakhali awo ali ndi galu wodziwa kupereka dzanja. Mulungu akusungeni, akupatseni tulo tabwino mukatha kuganiza.

Pamene ndikulemba pano wagona pamapazi anga, pansi pa makina. Galimoto iliyonse ikaima panja akumadzutsa mutu.

Ndine mlongo wanu,
mzime wa amayi, telala uja mumati ndi wokokomeza.